Nambala Imene Che Sumani Ankabisa

Che Sumani Mkwanda anafika pa mzikiti wathu ku Balaka swala ya Alasiri, pemphero la chakumadzulo, itatha, anthu atabalalika. Anabwera wapansi, mwendo wamanzere akuukoka pang'ono, dzanja lamanzere atalilowetsa m'thumba la mkanjo kuti lisaoneke mmene linkalendewerera. A Shehe Ajusa anali pakhonde, akusoka mkeka umene unayamba kumasuka m'mphepete. Ine ndinali pambali pawo, popeza ndimaphunzitsa pa madrasa ya pamenepo ndipo ana anali ataweruka.

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikumus salamu wa rahmatullah. Takulandirani, Che Sumani. Mwasowatu."

A Shehe anasiya singano nadzuka kukawatengera mpando, koma mlendowo anaukana. Anafuna kukhala pa mkeka monga mwa kale. Kutsika kwawo kunatenga nthawi, dzanja limodzi litagwira mzati, ndipo ife awiri tinayang'ana kumbali mpaka atakhazikika.

M'tauni muno munalibe amene sankawadziwa Che Sumani, ngakhale ambiri ankawadziwa ndi dzina lakuti Jeke. Dzinali linabwera tsiku lina pamene pikapu ya wamalonda inaphulika tayala pafupi ndi msika, jeke palibe, iwo n'kunyamula kumbuyo kwa galimotoyo mpaka tayala linasinthidwa. Ena amati pikapuyo inali yopanda katundu, ena amalumbira kuti munali matumba a nandolo. Ntchito yawo inali yowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, koma mtima wawo unali kuseri kwa nyumba, m'chisakasa cha malata mmene munali zitsulo zonyamula. Zina zinali zogula, zina zochokera ku magiya a malole akufa, zina za simenti youmbira m'zitini za penti. Madzulo aliwonse anyamata ankadzaza m'menemo, ndipo Che Sumani ndiwo anali mphunzitsi wawo.

Chaka chimene ndikukambachi, mvula itangosiya, anagwa m'bafa m'mawa wina. Kuchipatala anati ndi sitiroko, nthenda yobwera ndi kuthamanga kwa magazi. Pakamwa panabwerera msanga, mwendo unabwerera pang'ono, koma dzanja linatsalira. Chigonekedwereni m'chipatala tinali tisanawaonenso pa mzikiti, ndipo amene ankapita kukawazonda ankangouzidwa pakhomo kuti bambo agona.

Malonje atatha ndinadzuka kuti ndiwasiye awiri, koma Che Sumani anandiletsa.

"Khalani, a Mwalimu. Funso langa silobisa, ndipo ndikufuna kuti yankho lake likhale ndi mboni."

Ndinakhala. Zimene ndikulembazi ndikulemba eni ake atandilola.

"A Shehe, ndabwera ndi funso la chipembedzo. Kodi n'koyenera kuti Msilamu adandaule kwa cholengedwa za chinthu chimene Mlengi wamupatsa?"

A Shehe anali munthu wochepa thupi, woyankhula motsika, wosathamangira kuyankha. Anawayang'ana mlendowo kanthawi.

"Funsoli mwalikulunga bwino," anatero. "Tamasulani ndione chimene chili m'kati. Ndani amene akufuna kuti mudandaule?"

"Pali mayi wina kuchipatala, wa mafizo. Dzina lake Mayi Chirambo. Mwana wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndimapita kwa iyeyo kuti dzanjali lidzuke. Tsiku loyamba anandipatsa kachitsulo ka makilo awiri, kopaka penti yapinki ngati chidole, kuti ndizikakweza ndi kukatsitsa. Nditamaliza anandifunsa kuti, 'Bambo, kuyambira wani mpaka teni, mwamva kulemera kotani? Wani ndiye kuti simunamve kanthu. Teni ndiye kuti simukanatha kukweza ngakhale kamodzi kena.' Akuti iye amafuna ndizikhala pa sikisi kapena seveni. Ndikatchula nambala yaing'ono amawonjezera chitsulo, ndikatchula yaikulu amachepetsa."

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndinati thuu, Alhamdulillah."

"Ulendo wotsatira?"

"Thuu, Alhamdulillah. Nthawi zonse ndimayankha choncho."

"Ndiye anawonjezera."

"Anawonjezera. Makilo atatu, kenaka anayi. Nthawi zina ankandiyang'anitsitsa n'kufunsa kachiwiri kuti, 'Bambo, thuu ndithu?' Ine n'kuvomera. Sabata yatha anandipatsa asanu. Ndinakweza ndithu, koma phewa linatupa, mutu n'kumawawa ngati akuukhoma. Nditabwererako anandiyeza magazi n'kupeza akuthamanga kwambiri. Apo ndiye anandiyankhula mawu amene sindinawakonde. Anati, 'Bambo, ine ndilibe makina oyezera chimene mukumva m'thupi mwanu. Sikelo yanga ndi pakamwa panu. Mukamandinamiza ndidzakuvulazani ndi manja anga, ndipo nthenda ija ikhoza kubweranso, mwina osakusiyani ndi moyo. Mukaganize. Ngati simundiuza zoona, ine sindingapitirize nanu.' Pamaso pa mkazi wanga, a Shehe! Kunditcha wabodza pamaso pa Abiti Wadi!"

Anapuma pang'ono, napitiriza motsitsa mawu.

"Sindinabwererekonso. Kunyumba kulibe mtendere. Abiti Wadi akungolira, akuti ndikudzipha ndekha. Koma ine ndinaphunzira pano, pa mikeka yomweyi, kuti wokhulupirira amapirira, ndipo akafunsidwa mmene alili amayamika Mbuye wake. Ndiye ndabwera kuti mundiuze kuti sindinalakwe, ndikamuuze mkazi wanga kuti mawuwa achokera kwa inu."

A Shehe anatola singano n'kuibaya pa mkeka kuti isasowe.

"Za kupirira tikambirana, Insha Allah. Koma poyamba mundithandize, chifukwa ine za zitsulo sindidziwa kanthu. Chitsulo cholemera chimene ndimanyamula ndi njinga yanga powoloka njanji. Inu mwaphunzitsa anyamata zaka zambiri. Mnyamata akagona pa benchi paja, chitsulo chili pamwamba pa chifuwa, mumadziwa bwanji kuti apa ndiwonjezere, apa ndichepetse?"

Nkhope ya Che Sumani inamasuka koyamba chibwerereni. Anawongola msana.

"Mumayang'ana, a Shehe. Chitsulo chikamakwera mwachangu ndiye kuti mphamvu zilipo. Chikayamba kukwawa ngati nkhono, zigongono zikunjenjemera, ndiye kuti munthu watsala pang'ono. Koma maso okha sakwanira. Pali ena nkhope imachita makwinya chitsulo chisanayambe n'komwe kulemera. Pali ena nkhope siisintha mpaka akomoke. Ndiye ndimaima kumutu kwake, manja pafupi ndi chitsulo, n'kumufunsa za nthawi zimene angachikwezebe, kuti, 'Zatsala zingati?' Akati zitatu, ndimamusiya. Akati imodzi, ndimasendeza manja. Akati zatha, ndimalandira."

"Ndiye kuti makilo olembedwa pa chitsulo sakuuzani zonse?"

"Sangakuuzeni. Chitsulo chomwecho, munthu yemweyo. Lero wagona bwino, wadya, chimupepukira. Mawa wachezera pa maliro, kapena wabwera ali pa swaumu m'mwezi wa Ramadhani, chomwecho chimusandukira phiri. Makilo ndi a chitsulo, kulemera ndi kwa munthu."

A Shehe anatembenukira kwa ine.

"Mwamva, a Mwalimu? Makilo ndi a chitsulo, kulemera ndi kwa munthu. Ine ndakalamba osazidziwa." Kenaka anabwerera kwa mlendo. "Nanga bwanji osangowasiya anyamatawo azinyamula mpaka mphamvu zitheretu tsiku lililonse? Ine ndikanayesa kuti ndiyo njira yachidule."

"Ndi njira yachidule yopita kuchipatala," anatero Che Sumani. "Thupi limakula munthu akamanyamula chomulemera koma n'kusiyako imodzi kapena ziwiri m'manja. Chopepuka kwambiri sichimanga kanthu. Cholemera mopyola chimang'amba. Mphunzitsi ntchito yake ndi kupeza pakati pamenepo, ndipo sangapapeze yekha."

"Nanga onama alipo?"

"Ambiri! Ali mitundu iwiri. Pali aulesi, amene amati zatha pomwe zatsala zisanu. Pali odzikuza, amene amati zatsala zisanu pomwe zatha."

"Inu mumaopa uti?"

Che Sumani anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja kodzaza khonde.

"Waulesi amangodzitayira nthawi. Thupi silikula, basi. Wachiwiriyo ndiye amasowetsa tulo. Panali mnyamata wina, Kasimu, kondakitala wa minibasi. Tsiku lina anzake akuonerera anandiuza kuti, 'Chotsani manja, abigi, zatsala zinayi.' Ine ndinamukhulupirira n'kubwerera m'mbuyo. Sanamalize ngakhale imodzi. Chitsulo chinamugwera pachifuwa, nthiti n'kuthyoka. Atachira anabwera kudzapepesa. Ndinamuuza kuti, ukadzanamanso kamodzi usadzapondenso muno, chifukwa..."

Anaima pamenepo.

"Chifukwa?" anafunsa a Shehe.

"Chifukwa manja anga amamvera pakamwa pako."

Mawu amenewa anatuluka motsika kwambiri. A Shehe anabwerera ku mkeka wawo. Anazula singano ija n'kusoka pang'ono, ngati kuti mkekawo ndiwo unali nkhani ya tsikulo.

"Ndaona kumene mukundipititsa, a Shehe," anatero Che Sumani. "Koma mundikhululukire, si zofanana. Chitsulo cha Kasimu anachiika pa benchi ndi munthu. Katundu wangayu anamuika ndi Allah. Ndikanena kuti akulemera, si ndiye kuti ndikunena kuti Mwini wake wandisenzetsa mopyola muyeso?"

"Mwayankhula mwanzeru, ndipo mantha amenewo ndi abwino. Musawataye. Kudandaula kulipo ndithu, ndipo n'koipa. Ndi pamene munthu akuti, 'Chifukwa chiyani ine? Sindinayenere zimenezi,' ngati kuti akutengera Mbuye wake ku bwalo la milandu. Kodi mayi uja anakufunsani ngati Allah wachita bwino kapena walakwa?"

"Ayi."

"Anakufunsani chiyani?"

"Kuti ndamva kulemera kotani."

"Ameneyo akukupemphani umboni. Ndipo umboni tinalamulidwa kuupereka woona, ngakhale pamene ukupweteka eni akefe. Wogulitsa nyemba pa msika akapinda sikelo, tonse timati wachimwa. Inu mwapatsidwa sikelo imene palibe wina pa dziko lino angaiwerenge koma inu nokha, ndipo mayi uja akuyezera pa imeneyo mankhwala anu."

Che Sumani sanagonje msanga, ndipo ine ndinawalemekeza pa chimenecho.

"Komatu inu nomwe, a Shehe, tauni yonse ikudziwa kuti maso anu akuvuta. Koma munthu akakufunsani kuti muli bwanji, mumati muli bwino, Alhamdulillah. Sindinakumvenipo mukunena zina."

A Shehe anamwetulira.

"Zoona. Wokumana naye pamsewu ndimamuyankha choncho, chifukwa iye akundipatsa moni, ndipo zabwino zimene ndili nazo n'zambiri kuposa maso awiriwa. Koma nditapita kwa dokotala wa maso, atandiikira chikwangwani cha zilembo, ndinamuuza kuti zam'mwambazo ndikuziona, zam'munsizo zikungooneka ngati nyerere zikusamuka. Ndikanati zonse zili bwino, Alhamdulillah, bwenzi lero ndikusoka chala changa pamodzi ndi mkeka. Wapamsewu ali ndi yankho lake, sing'anga ali ndi lake, ndipo Allah amayamikidwa m'mayankho onse awiri."

Che Sumani anayang'ana pansi, akusisita ndevu ndi dzanja lamanja.

"Ine sindinazolowere kunena kuti zalemera. Moyo wanga wonse sindinanenepo."

"Ndikudziwa. Ndinkakuonani pa maliro. Jeneza, chonyamulira mtembo chija, ikanyamuka pano kupita kumanda, amuna amalandirana. Munthu amasenza pang'ono n'kupatukira mnzake. Inu munkagwira ngodya yakutsogolo pano pa mzikiti n'kukatula kumanda, osasiyira munthu. Anthu ankakutamani, ndipo ine sindikayika kuti Allah anakupatsani sawabu, mphotho zake. Koma ndinkaonanso amene ankayenda kumbuyo kwanu manja atatambasula, akufuna kusenzako m'bale wawo. Mukukumbukira maliro a Che Mbwana, telala uja?"

"Ndikukumbukira. Kunatentha kwambiri tsiku limenelo."

"Akulu awo, nkhalamba yochokera ku Ulongwe, anayenda pambali panu njira yonse, akudikira kuti mutope. Simunatope. Anabwerera kwawo asanamusenze mng'ono wawo."

Che Sumani anadzutsa mutu.

"Sindinawaone."

"Simukanawaona. Anali mbali imene munthu wamphamvu sayang'anako. Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi, mwana wanga, munkachita ndi mtima wabwino. Ndikungoti jeneza anaipangira zogwirira zazitali dala. Amene wapatuka kuti mnzake alandire sanadandaule kwa Allah. Wangomutsegulira mnzakeyo khomo la sawabu. Lero Abiti Wadi akuyenda pambali panu manja atatambasula. Mayi wa kuchipatala uja nayenso chimodzimodzi."

Apa Che Sumani anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Analowetsa dzanja lamanja m'thumba lakumanzere, natulutsa dzanja lodwala lija n'kuligoneka pa bondo. Linali litaonda, zala zitapindikira m'kati, pomwe linzake linali likadali lalikulu ngati fosholo.

"Taonani, a Shehe. Dzanja ili linanyamula galimoto. Mukufuna ndikaime pamaso pa mwana wamkazi n'kumuuza kuti kachitsulo kamene mdzukulu wanga angakaseweretse kandilemera? Tsiku limene ndidzanene zimenezo, Jeke wafa. Anyamata anga akadzamva, adzabweranso kudzaphunzira chiyani kwa ine? Ngakhale kuno ku mzikiti sindinasiye chifukwa cha mtunda. Sindingathe kuwerama ndi kudzuka pamodzi ndi mzere pa swala, ndipo sindifuna kuti anthu amene ndinkawanyamulira magalimoto azindionerera ndikulimbana ndi bondo."

A Shehe anakankhira mkeka wosoka uja pambali, nasendera pafupi. Anatenga dzanja lopindikalo ndi manja awo onse awiri n'kulifumbata.

"Pano palibe anyamata anu. Palibe mayi wa kuchipatala. A Mwalimu ndi munthu wosunga pakamwa. Ine ndaima kumutu kwanu, ndipo manja anga ali pafupi. Kachitsulo ka makilo awiri kaja, tsiku loyamba lija, kanali nambala yanji?"

Sitima ya katundu inadutsa pa njanji mpaka phokoso lake linatha.

"Eyiti," anatero Che Sumani potsiriza.

"Nanga ka makilo asanu?"

"Teni. Ndinkaona mdima m'maso. Ndinkagwira mpweya kuti asandimve ndikubuula."

"Nanga kumanga mabatani a mkanjo uwu?"

"Naini. Abiti Wadi amafuna kundithandiza, ine ndimamutulutsa m'chipinda n'kutseka chitseko."

"Nanga kudzuka m'mawa n'kukumbukira kuti dzanja silinabwerere?"

Pamenepo sanatchule nambala. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kulira, munthu wamkulu uja, phewa limodzi lokha likugwedezeka. A Shehe sanawatonthoze ndipo sanawasiye dzanja. Anangokhala chomwecho, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, mpaka kulirako kunatha kokha. Ine ndinapita kukatunga madzi akumwa, ndipo sindinafulumire kubwerera.

Ndinene pano mmene zinathera, popeza ena mudzafunsa. Che Sumani anabwerera kuchipatala pamodzi ndi Abiti Wadi, napepesa kwa Mayi Chirambo. Mayiyo sanachulutse mawu. Anadikira kuti phewa liphwe, kenaka anawabwezera pa kilo imodzi n'kuyambiranso. Dzanja silinabwerere lonse, ndipo mwina silidzabwerera. Koma zala zinatambasuka, ndipo lero amagwirira nalo chitsulo powotcherera. Anyamata ena anachoka ndithu, monga mmene iwo ankaopera, n'kupita kwa mphunzitsi wina wa minofu yooneka. Ena anatsala. Amenewo amawaimika awiriawiri kumutu kwa benchi, eni ake n'kukhala pambali kumafunsa kuti zatsala zingati. Pa mzikiti anabwerera, ndipo amaima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khoma.

Koma tsiku limenelo zonsezi zinali zisanachitike. Atamwa madzi ndi kupukuta nkhope, anafunsa funso lina, ndipo ulendo uno sanalikulunge.

"A Shehe, ndiye kuti miyezi yonseyi kupirira kwanga kunali chabe? Nanga ma Alhamdulillah onse aja?"

"Kulandira ndi kukana ntchito za anthu n'kwa Allah yekha," anatero a Shehe, "ndipo Iye ndi wachifundo kuposa mmene ine ndi inu tingaganizire. Anaona mano amene munkaluma, anaonanso chifukwa chake. Koma poti mwandifunsa, ndikuuzani mmene ndikuonera. Munkayamika Allah pa katundu wa thuu, amene Iye sanakupatseni. Amene anakupatsani ndi wa naini, ndipo ameneyo munali musanamuyamikirepo ngakhale kamodzi. Pitani mawa mukamuuze mayi uja nambala yeniyeni. Mukamuuzenso Abiti Wadi, n'kumusiya amange mabatani. Mukatero munene Alhamdulillah. Kupirira kumayambira pamenepo, Che Sumani, pakuti munthu sangapirire katundu amene akukana kuti wasenza."